Nyama Yowamba, Chiwaya ndi Mbale ya Mwana

M'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi ku Namitete m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji kukafika ku Nsaru ndi kwa Kabudula, chizolowezi chowamba nyama pakhomo chikunka chizilala, ndipo chosautsa mtima n'chakuti chikuzilala pa nthawi imene nyama ikuoneka ndi maso kwambiri kuposa kale. Pa tsiku la msika mbuzi ndi nkhumba zimakhala zitapachikidwa pamitengo dzuwa lisanakwere, fungo la kanyenya limalonjera munthu asanatsike n'komwe minibasi, ndipo chiwaya, chomwe ndi chitsulo chachikulu cha dzenje pakati m'mene amakazingiramo nyama ndi tchipisi, chimakhala pamoto kufikira mdima. Woona zimenezi angaganize kuti anthu a dera lino anayamba kudya nyama mokwanira, koma akalowa m'khitchini ya banja wamba madzulo a tsiku lomwelo amapeza mphika wa nkhwani kapena wa bonya, ndipo pamwamba pa mafuwa, pamene kale pankalendewera timizere ta nyama takuda ndi utsi, pamangokhala chimanga cha mbewu. Funso limene limatsala m'mutu ndi lakuti nyama yonse ija yathera m'kamwa mwa yani, ndipo funsoli limakoka ena okhudza kadyedwe ka tsiku ndi tsiku ndi mmene thupi la munthu wa kumudzi likugwirira ntchito masiku ano.

Kuwamba, komwe ena amati kufutsa nyama, ndi kuumitsa nyama pamoto wofatsa ndi pautsi kuti isawonongeke, ndipo ntchitoyi imafuna kudekha kuposa mphamvu. Wowamba amayamba wachotsa mafuta ochuluka, chifukwa mafuta ndiwo amafulumira kununkha, kenaka amacheka nyamayo m'timizere titalitali topyapyala motsata mnofu, n'kuitikita ndi mchere kufikira itayamba kutulutsa madzi. Ikadontha, amaiyanika pawaya kapena pansanja, komwe ndi kathandala ka timitengo komangidwa pamwamba pa moto, patali ndithu ndi malawi, kotero kuti dzanja likhoza kukhalapo kanthawi osapsa. Usiku woyamba ndiwo wovuta, pakuti moto ukakula nyama imapsa kunja mkati ikadali yaiwisi, ndipo pakapita masiku awiri imatulutsa mphutsi, pamene moto ukazima ntchentche zobiriwira zimafika m'bandakucha eni nyumba asanatsegule chitseko. N'chifukwa chake mayi wodziwa ntchitoyi amadzuka pakati pa usiku kukasonkhezera chikuni, kutembenuza timizere tija ndi kutitsina ndi zala kuti amve ngati tayamba kulimba. Akatswiri a zakudya amafotokoza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mnofu wauwisi ndi madzi, ndipo tizilombo towoletsa nyama timaswana chifukwa cha madzi amenewo; mchere umawakoka, kutentha kumawaphwetsa, pamene utsi umasiya pamwamba pa nyama mankhwala achilengedwe amene amalepheretsa tizilomboto kukula, ndiponso amapereka fungo lija limene munthu wokulira kumudzi saliiwala. Nyama youma bwino imapepuka, imada kunja, imalira ikamathyoledwa, ndipo imatha milungu ingapo ikamalandira utsi wa kuphika kwa tsiku ndi tsiku.

Phindu lenileni la luso limeneli linali pa kagawidwe. Nyama m'midzi imeneyi sinali ndiwo ya tsiku lililonse. Inkabwera ndi chochitika, monga ukwati, chinkhoswe, maliro, Khirisimasi, kapena uzimba, komwe ndi kusaka kwa gulu kumene kunkachitika m'chilimwe tchire likapsa, nyama zakutchire zisanathe. Mwendo wa mbuzi wofika pakhomo mwa njira yotere ukanatha kudyedwa tsiku limodzi, koma ukawambidwa unkasanduka ndiwo ya masiku ambiri, chifukwa mayi ankathyolako timizere tiwiri kapena titatu, n'kutiviika m'madzi ofunda, n'kutiphika kufikira titafewa, kenaka n'kutendera ndi nsinjiro, zomwe ndi mtedza wosinja ndi kusefa. Mumphika wotero nyama imaphwanyika n'kusakanikirana ndi msuzi wokhathamira, kotero kuti ngakhale mwana wongoyamba kudya nsima, amene sangalimbane ndi nthuli, amalandira gawo lake pa mbamu iliyonse imene mayi ake amuviikira. Apa mpofunika kusamala kuti kukumbukira kusasanduke kukometsa zakale. Pakhomo pa Achewa abambo ankadyera paokha, amayi ndi ana paokhanso, ndipo nthuli zabwino zinkapita kumbale ya abambo ndi ya alendo. Nthutumba ya nkhuku inali ndi mwini wake, ndipo mwana woitola ankaona zakuda. Panalinso zoletsa zimene zinkamana mazira amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, anthu amene matupi awo ankawafuna koposa. Komabe, ngakhale kagawidweko kanali kokondera, nyamayo inkadutsa m'manja mwa mayi ndi mumphika wa banja, ndipo chodutsa mumphika chimasiyamo msuzi.

Chiwaya chinapatutsa njira imeneyi. Dera lino lakhala likulima fodya wogulitsa kuyambira zaka za m'ma 1920, pamene mlimi wina wa fodya, A. F. Barron, anayamba kufalitsa ulimiwu ali ku Mbabzi, ndipo fodya wake anali wa chikopa, amene amaumitsidwa ndi utsi, kotero kuti anthu a kuno amadziwa bwino kusamala moto wofuka. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndalama zinayamba kufika m'makomo ambiri mwa nyengo, makamaka msika wa fodya wa ku Kanengo ukatsegulidwa, ndipo mtedza ndi soya zimawonjezerapo m'miyezi yokolola. Ndalama zimenezi kawirikawiri zimagwiridwa ndi bambo, ndipo malo oyamba amene zimakumanirapo ndi chakudya ndi pamsika. Pachiwaya nyama imagulitsidwa m'nthuli: wogula amaloza imene wakonda, wogulitsa amaidula tizidutswa pakathabwa, amawaza mchere ndi tsabola wa kambuzi, amaponyapo basela, ndipo wogulayo amadya ali chilili pakati pa anzake, nthawi zina akutsitsira ndi mowa. Munthu ameneyu sayenera kuweruzidwa mothamanga. Wapalasa njinga mtunda wautali atanyamula matumba, nkhuli, lomwe ndi khumbo lamphamvu la nyama limene limagwira munthu wodya masamba milungu yambiri, yamusautsa, ndipo ndalama imene ili m'thumba mwake ikukwanira nthuli zitatu koma singagule kilogalamu ya banja la anthu asanu ndi mmodzi. Iye amawerengera kuti nthuli zitatu kunyumba zingangoputa ndewu pakati pa ana. Kuwerengerako kukanakhala koona pakanapanda mphika wa nsinjiro uja, umene umatha kufalitsa nthuli zitatu m'mbale zonse za pakhomo.

Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office inachita m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndiye kuti ofupika poyerekeza ndi zaka zawo chifukwa chosowa zakudya zoyenera kwa nthawi yaitali, ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha pa 100 ndiwo ankadya mokwanira ndiponso mwakasinthasintha monga mmene akatswiri amafunira. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse, ndipo zimawawa kwambiri zikawerengedwa munthu ali m'chigwa cha Lilongwe, kumene nthaka ndi yachonde, nkhokwe zimadzaza chaka cha mvula yabwino, ndipo malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, amene anatsegulidwa mu 1948 pafupi ndi Mpingu, akhala akutulutsa mbewu za mtedza monga CG7 zimene zinafalikira dziko lonse. Mwana wa m'dera lotere nthawi zambiri amagona atakhuta phala la ufa woyera lothira shuga pang'ono, ndipo chimene chimaperewera m'thupi mwake ndi michere monga ayironi, zinki ndi vitamini B12, imene imapezeka mosavuta m'zakudya zochokera ku nyama. Mimba ya mwana wa chaka chimodzi ndi yaing'ono, choncho safuna nyama yambiri. Supuni ya nyama youma yosinja, kapena ya usipa wosinja, yothira m'phala imamupatsa zimene mbale yodzaza ya phala loyera singamupatse.

Kadyedwe ka akuluakulu kamazungulira nsima, ndipo munthu amene wadya mbatata, maungu kapena mpunga koma osalawa nsima amanena ndi mtima wonse kuti, “Lero sindinadye.” Nsima yolemekezeka ndi ya ufa woyera, wa chimanga chokonola ndi kuviika m'madzi masiku angapo, ngakhale kuti gaga amene amachotsedwa n'kuperekedwa kwa nkhumba ndi nkhuku ndiye amakhala ndi mafuta ndi michere yambiri ya njereyo. Mgaiwa, womwe ndi ufa wa chimanga chogayidwa chosakonola, anthu ambiri amauonabe ngati chakudya cha nthawi ya njala ndi cha ana a sukulu zogonera komweko, ndipo manyazi amenewa ali ndi mtengo wake m'thupi. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, omwe ndi zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndipo amayi ambiri amawatchula pamtima popanda kuphonya. Vuto limakhala kuwasonkhanitsa pamphasa imodzi mwezi wa Okutobala, dimba litauma. Chochititsa chidwi n'chakuti luso losunga chakudya silinafe pamene chakudyacho chili m'manja mwa amayi ndi ana. Mfutso, womwe ndi masamba a nkhwani, khwanya kapena chitambe owiritsa pang'ono ndi kuyanika, ukusungidwabe m'zikwatu ndi m'matumba. Anyamata akafukula mbewa m'minda yokolola amaziwiritsa ndi mchere, amaziwamba, n'kuzipana pakamtengo monga ankachitira makolo awo, ndipo inswa zimakazingidwa ndi kuyanikidwa mvula yoyamba ikagwa. Chimene chasowa ndi nyama yaikulu yofika pakhomo, ndipo malo ake atengedwa ndi nyama ya soya ya m'timapaketi, timafuta toyezera pamsika, tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi, zinthu zimene nazonso zinakwera mtengo ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023.

Pali mbali ina ya kuwamba imene anthu sakonda kuitchula poyera, ndipo wodandaula za kuzilala kwa lusoli ayenera kuiyang'ana osaphethira. M'makomo ambiri nyama yochuluka yofuna kuwamba imapezeka pamene chiweto chadwala kapena chafa chokha. Chigodola cha nkhumba, nthenda imene imatha kupululutsa khola lonse m'masiku owerengeka, ndi chakale m'dera lino: kafukufuku wa madokotala a ziweto wa zaka za m'ma 1980 anasonyeza kuti chimakhalitsa m'boma la Mchinji ndi m'madera oyandikana nalo, kuphatikizapo kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo kachilombo kake kanapezeka m'nkhufi, tizilombo toyamwa magazi tobisala m'ming'alu ya makola. Nthendayi ikalowa m'mudzi, mwini khola amathamangira kupha nkhumba zotsala kuti apulumutseko kanthu, nyama imatsika mtengo, ndipo yotsala imapita pansanja. Kachilomboka sikadwalitsa munthu, koma mchere ndi utsi wofatsa sizikapha, ndipo kamatha kukhala m'nyama youma kwa miyezi, kotero kuti kamtolo kotumizidwa mwachikondi kwa achibale a mudzi wina kangathe kukagwetsa nkhumba zawo, makamaka madzi otsukira nyamayo ndi zotsala zake zikathiridwa m'khola. Ichi n'chifukwa chake a zaziweto amaletsa kuyendetsa ndi kugulitsa nyama ya nkhumba mliri ukabuka, lamulo limene limaoneka lankhanza kwa mlimi amene chuma chake chonse chinali m'kholamo. Palinso timatuza toyera tonga njere za mpunga timene timapezeka m'mnofu wa nkhumba zoyenda zokha. Munthu akatidya tosapsa amagwidwa ndi njoka yam'mimba, ndipo mazira a njokayo, akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja kapena m'madzi odetsedwa, amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Nyama yowamba iyenera kuphikidwabe mpaka itapsa mkati, ndipo ya chiweto chofa chokha utsi sungaiyeretse.

Chenjezo lina linachokera kutali. Mu Okutobala 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization, yotchedwa IARC, inalengeza kuti pali umboni wokwanira woti nyama yosungidwa ndi mchere, utsi kapena mankhwala imayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo inati kudya magalamu 50 a nyama yotere tsiku lililonse kumakweza chiopsezo cha nthendayi ndi 18 pa 100. Uthengawu ndi woona, koma mawu ake ofunika kwambiri ndi akuti tsiku lililonse, pakuti umboni wambiri unachokera kumaiko kumene soseji ndi nyama zina za m'fakitale zimadyedwa m'mawa uliwonse, ndi kumene kuwamba nyama kunasanduka chisangalalo cha anthu okhuta amene firiji ali nayo kale. Banja la kwa Kabudula limene limalawa nyama yowamba mwa apo ndi apo lili kutali ndi muyeso umenewo, ndipo chenjezo likafika kwa iwo lopanda muyeso wake lingathe kungochotsa m'mbale ya mwana kanthu kochepa kamene kanalimo. Komatu utsi suyenera kuchotseredwa mlandu wonse. Mafuta akadontha pamalawi amatulutsa mankhwala ena, monga benzo[a]pyrene, amene amamatirira panyama ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero, imene imatsekereza njira ya chakudya kufikira wodwala atalephera kumeza ngakhale phala, ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chimene asisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, chinagwirizanapo ndi chipatala cha Kamuzu Central pofufuza zimene zimayambitsa nthendayi. Ofufuza a m'chigawo chino cha Africa amayang'ana kwambiri fodya, mowa waukali, zakumwa zotentha kwambiri ndi utsi wa nkhuni. Munthu akafika apa maganizo amatembenuka, chifukwa amene amalandira utsi wochuluka ndi mayi uja wodzuka usiku kukasonkhezera chikuni m'khitchini yopanda zenera, amene amapumanso utsi womwewo katatu pa tsiku kwa moyo wake wonse, kawirikawiri mwana ali kumbuyo. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mabanja oposa atatu mwa anayi alionse m'Malawi amaphikira nkhuni.

Zambiri mwa zoopsazi zimachepa ndi kachitidwe. Nyama yowambira panja, pamakala otsala a nkhuni zouma m'malo mwa malawi, itatalikitsidwa ndi moto, mafuta atachotsedwa ndipo pansi pake pataikidwa chitsulo chowakha madontho, imatenga mwaye wochepa, ndipo wowambayo amapuma mpweya wabwinopo. Majumbo oyatsira moto, matabwa opaka penti ndi zinyalala siziyenera kuyandikira nsanja. Vuto lalikulu ndi nkhuni, pakuti mitengo yachilengedwe monga mombo ndi mtondo inatha m'minda yambiri, ndipo makala ochokera ku Dzalanyama amadutsa panjinga kupita mumzinda kumene amagulidwa pamtengo wabwino, pamene mayi wa kumudzi akuphikira zitsononkho ndi mapesi, zimene zimayaka msanga ndi kufuka kwambiri. Moto wa usiku wonse tsopano ndi chuma, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zenizeni zimene lusoli likuzilalira. Firiji nayo ili kutali, popeza kalembera yemweyo anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 m'dziko muno zinali ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali m'mizinda.

Nkhani ya kulimbitsa thupi imafikanso m'midzi muno itavala zovala za kwina. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, muyeso umene mlimi wopanga mizere ndi khasu mu Okutobala amaukwanitsa dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo mayi wosenza ndowa ya malita 20, yomwe ndi makilogalamu 20 pamutu, kuchokera kumjigo kangapo pa tsiku sangamvetse munthu womuuza kuti azichita masewera. Koma ntchito yolemetsa ndi thanzi la thupi n'zosiyana, ndipo kusiyanako kumaonekera m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene kupalira ndi kubandira, komwe ndi kukwezera dothi pamizere, zimafika nkhokwe zitatha. Pa nthawi imeneyo anthu ambiri amagwira ganyu m'minda ya ena m'mawa, amalima m'munda mwawo madzulo, ndipo amadya kamodzi pa tsiku. Thupi limadya lokha, msana ndi mawondo zimawawa, ndipo chimene munthuyo akusowa ndi chakudya ndi mpumulo. Nyama yowambidwa pa Khirisimasi inali ndi ntchito yake m'milungu imeneyi, ngakhale inali yochepa.

Pambali pa alimiwo pakukula gulu lina la anthu amene matupi awo anapuma mwadzidzidzi. Chigayo chinalanda ntchito yaikulu ya mtondo ndi munsi, njinga yamoto ya kabaza ikulanda malo a njinga yopalasa ndi a ulendo wapansi, ndipo pamisika ya Msundwe, Namitete, Nsaru ndi Kasiya pali eni magolosale, ogula mbewu okhala pasikelo tsiku lonse, otumiza ndalama pafoni, aphunzitsi ndi oyendetsa njinga zamoto, amene amadyabe mitanda ya nsima yofanana ndi ya mlimi, n'kuwonjezerapo tchipisi, nyama yokazinga ndi zakumwa zotsekemera. Palibe amene angafunire mayi kubwerera kumtondo kapena wodwala kupita kuchipatala wapansi, koma walira mvula walira matope. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi World Health Organization wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene anthu amangoti BP, kuti ambiri mwa iwo sankadziwa, ndiponso kuti oposa asanu pa 100 anali ndi matenda a shuga. Vutoli linapezeka kumidzi momwe, osati m'tauni mokha. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, amene anachitikira ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, anapeza kuti kunenepa kopitirira muyeso kunali kofala kwambiri pakati pa amayi kuposa abambo, ndipo ngakhale kumudzi mayi mmodzi mwa anayi anali wolemera mopitirira. Mchere ukulowanso apa, chifukwa muyeso wovomerezeka ndi wosapitirira magalamu asanu pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, pamene nsomba youma, nyama yowamba ndi nyama ya pachiwaya zonse zimadalira mchere, ndipo ndiwo zochepa zimathiridwa mchere wambiri dala kuti zikwanire nsima yambiri.

Kulangiza munthu kuti achepetse thupi n'kovuta m'dera limene moni wakuti “Mwanenepa, zikukuyenderani” ndi chiyamiko. Maganizo amenewa ali ndi mizu yomveka. Akuluakulu amakumbukira njala ya 1949 ndi ya 2002, ndipo m'zaka zimene Edzi inkapululutsa anthu, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, kuwonda kunkachititsa anthu kulozana ndi kunong'onezana. Mkazi wonenepa amaonedwa ngati umboni wakuti mwamuna wake amamusamala, ndipo mwamuna wa mimba amatchedwa bwana. Masewera alipo, koma ndi a achinyamata: mpira wa miyendo pabwalo la sukulu, ntchemberembaye, ndi zitini zothira simenti zimene anyamata amanyamula kuseri kwa nyumba. Mayi wa zaka 45 amene wauzidwa kuchipatala kuti BP yakwera sangathamange mumsewu wa m'mudzi anthu osamufunsa chimene chamuthamangitsa, ndipo njira zimene zimamutsegukira popanda manyazi ndi zakale zomwe, monga kuyenda wapansi kupita kudimba ndi kutchalitchi, kapena kuvina chimtali ndi anzake, gule amene amatulutsa thukuta kuposa mmene oonerera amaganizira. N'zotheka ndithu kuti pakhomo limodzi pakhale mayi wa BP, bambo wodya nyama yokazinga kangapo pa mlungu, ndi mwana wopinimbira, ndipo atatuwa sangapatsidwe langizo limodzi.

Maphunziro a kadyedwe amaperekedwa kwambiri kwa amayi, kusikelo ya ana ndi m'magulu a m'mudzi, pamene chigamulo chopha kapena kugulitsa mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe chili m'manja mwa abambo, ndipo ziwetozi zimasungidwa ngati banki ya feteleza, fizi ndi matenda. Kuuza banja lotere kuti liphe mbuzi chifukwa cha ndiwo ndi kusamvetsa umphawi. Chimene chingatheke n'chakuti bambo wobwera kumsika abweretse theka la kilogalamu yaiwisi tsiku limene wagulitsa mbewu, ndipo apa mpamene kuwamba kumapezanso ntchito, chifukwa theka la kilogalamu lowamba ndi kusinja lingathe kulowa m'phala la mwana kwa masiku angapo. Njira ina ndi ya ziweto zazing'ono zimene sizifuna kusungidwa zikaphedwa ndipo mayi amatha kuzilamulira yekha, monga nkhuku, nkhunda, abakha, akalulu ndi mbira. Nkhuku za m'mudzi zimatha ndi chitopa, makamaka m'nyengo yotentha, ndipo mabanja ambiri amaopa kudya mazira chifukwa amafuna anapiye olowa m'malo mwa zakufazo. Katemera wa chitopa wa mtundu wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory mu Lilongwe, amapirira kutentha kuposa akatemera ena, amadonthezedwa m'diso la nkhuku katatu pa chaka, ndipo munthu wa m'mudzi wophunzitsidwa bwino amatha kumupereka yekha. Kumene katemerayu amafika mokhazikika nkhuku zimachuluka, ndipo mayi amene ali ndi misoti khumi amalimba mtima kuwiritsira mwana dzira popanda kudikira chilolezo cha wina aliyense.